Mwezi wa Masana pa Njira ya ku Shikabeta

Chaka chino ndataya mkazi wanga Esinati, mwana amene sitinamutche dzina, tulo, ndiponso munthu yekhayo amene ankandiuza kuti ndalankhula zokwanira.

Ndinanyamuka ku Lusaka Loweruka m'mawa kupita kwawo ku Shikabeta ndi sutikesi ya zovala zake. Mwambo wa kwawo umati wamasiye abweze katundu wa malemu, akhale pansi pamaso pa akuchikazi, afotokoze matenda onse mpaka mawu otsiriza, kenaka amumasule. Apongozi anga, amene miyendo inawakaniza kubwera kumaliro, ankadikira mawuwo. Ndinali nawo, koma ndinkachita nawo manyazi.

Ine ndimaphunzitsa sayansi, ndipo chikhulupiriro changa n'chachifupi: tili pa kampira kozungulira dzuwa, chitsulo cha m'magazi mwathu chinaphikidwa m'nyenyezi, choncho ntchito ya munthu ndi kudabwa. Kondakitala wa minibasi sanadabwe nane.

"Ba Ticha, sutikesi iyi ikhala pampando. Ilipira ngati munthu."

Ndinapereka K150 yanga ndi K150 yake osatsutsa. Chifikireni maliro, palibe amene ananena zoona ngati iyeyo.

Titadutsa Chongwe, mayi wina wonyamula nkhuku anafunsa za sutikesiyo. Ndinalakwitsa poyankha, pakuti minibasi yonse inasanduka komiti.

"Nanga potsiriza anati chiyani?" anafunsa mlaliki wa jekete yonyezimira.

"Zazing'ono chabe."

"Iyayi! Kwa apongozi sapita ndi zazing'ono. Mukanene kuti anati, 'Ndaona kuwala.'"

"Kuwala kwa chiyani, ba Pasita?" anatero mayi wa nkhuku. "Akazi timafa tikugawa ntchito. Mukati anati, 'Musamale amayi.'"

Kondakitala naye anaponyapo: "Mukati anakuletsani kukwatiranso. Adzakumverani chisoni, akupatseni mng'ono wake."

Onse anaseka kupatula nkhuku ndi ine.

Pa Chinyunyu injini inawira, tinatsika. Ena anapita kukaona kasupe wa madzi otentha. Mlaliki anati imeneyo ndi chumuni ya gehena. Bambo wogulitsa madziwo m'mabotolo anati amachiritsa nyamakazi ndi ulova womwe. Ine ndinati ndi mvula yakale imene inalowa pansi mpaka pa miyala yotentha, ndipo ikubwerera kudzatiuza kuti dziko likadapsa m'kati. Dalaivala anandiyang'ana nati, "Ndiye angaziziritse injini?" Ndinati ayi. Phunziro linathera pomwepo.

Nditakweza maso ndinaona mwezi, wotuwa ngati chibenthu cha mbale, uli phee pamwamba pa mapiri dzuwa likuswa mtengo. Chala changa chinanyamuka chokha kuti chiloze. Ndinachibweza m'thumba.

Ku Mpanshya ndinafika dzuwa litapendeka. Ndinadya zitumbuwa ziwiri ndi masuku, n'kukwera njinga yamoto ya K200. Msewu wa ku Shikabeta ndi wa fumbi ndi miyala, umakwera n'kutsika ngati ukufunafuna chinthu chimene unataya. Mwini njinga anangolankhula kamodzi: "Bosi, mukayang'ana kumwamba njinga ipendama. Kumwamba kulibe maenje, maenje ali kuno."

Tinafika madzulo kukadali kowala. Ndinavula nsapato, ndinakhala pansi. Amalume ake a Esinati anatsegula sutikesi, akazi anayamba kulira pozindikira zitenje. Ndinafotokoza zonse mwadongosolo ngati m'kalasi: kubereka, magazi osaleka, mwana, masiku a m'chipatala. Kenaka apongozi, ali pamphasa miyendo yotupa atayiwongola, anafunsa okha.

"Mwana wanga anati chiyani?"

Ndinali ndi mawu obwereka a anthu atatu, onse omveka bwino. Koma ndinawauza zimene zinachitika. Masana a tsiku limene anamwalira ndinaima pawindo la wodi, msana kubedi, ndikumufotokozera chifukwa chake mwezi umaoneka masana. Ndinkalankhula chifukwa kutembenuka kunkandiopsa. Ndiye ndinawatchulira mawu ake monga anawanenera.

Amalume anatsokomola, mwina poyembekezera vesi. Apongozi anaseka, anasekabe mpaka misozi inatsikira m'khosi.

"Ameneyo ndiye Esinati. Mukanati anaona kuwala, ndikanadziwa kuti mwagula mawu panjira."

Anaitanitsa ufa, anandipaka pamphumi ndi dzanja lawo, nati ndamasuka.

Chikhulupiriro changa sichinasinthe. Tikadali pa kampira, ndipo ntchito yathu ikadali kudabwa. Chimene ndaphunzira pa ulendowu n'chakuti mwezi udzakhalapo ngakhale Shikabeta atafafanizika, koma phulusa la nyenyezi limene linkadziwa dzina langa linali mikono iwiri kumbuyo kwanga, ndipo linali ndi maola ochepa. Ndinatembenuka, inde, ndipo ndinamugwira dzanja mpaka mapeto. Koma anachita kundiitana:

"Mwezi ndauona, ba Ticha, ndi wabwino. Tsopano yang'anani ine."