Buku la Pasaka Lopanda Mapeto

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene mlongo wanga Lameki anadwala chikuku. Iye anali wamng'ono, asanayambe sukulu. Tinkakhala ku Kanyama, m'nyumba ya chipinda chimodzi. Mvula inali itatha koma madzi anali akadaima m'njira, ndipo popita kumsika tinkalumpha pamiyala.

Inali sabata ya Pasaka. Lameki sankafuna kugona phee monga anauzira a kuchipatala, ndiye amayi anaganiza zomugulira buku la zithunzi kuti aziyang'ana ali pamphasa. Ndinawaperekeza. Pakhomo la msika panali bambo wina woyala mabuku akale pa saka, ndipo pambali pake mkazi wake ankagulitsa nshawa, mtedza wokazinga wokulunga m'mapepala. Amayi anatola buku lachikuto chofiira, lokhala ndi Yesu atakwera bulu. Anatsegula tsamba loyamba, naliyang'ana, natseka.

"Ni yonse iyi?" anafunsa.

"Yonse, amai. Ine nimapemphera, siningakunamizeni pa vinthu va Mulungu."

Mawu a m'bukumo anali achizungu, choncho ine ndinkangowerenga zithunzi. Ndinakhala pafupi ndi Lameki, m'nyumba mukununkha thukuta ndi utsi wa mbaula. Maso ake anali ofiira, koma anayang'ana zonse: bulu, mkate patebulo, asilikali, mtanda. Chithunzi chomaliza chinali cha mwala waukulu wotseka manda, amayi awiri akuchokapo atafunda kumutu. Pambuyo pake panali chikuto basi. Pakati pankaoneka tiulusi pamene masamba anang'ambidwa.

"Segula kwina," anatero Lameki.

"Yasila."

"Manje anachokamo bwanji?"

"Anauka. Abusa amakamba, naiwe unamvela."

"Nionese."

Ndinalibe choti ndimuonetse. Tsiku lotsatira anafunsanso, ndipo linzakelo anafunsanso. Ankatenga buku yekha, n'kufika pamwala paja, n'kukanda m'mphepete mwake ndi chikhadabo ngati kuli tsamba lomatirira.

Tsopano amayi sakanamusiyanso yekha, ndiye anandituma kuti ndibwerere kumsika. Bambo uja sanaligwire n'komwe bukulo.

"Iwe kamwana, buku ni buku. Nkhani uiziba kudala, si so? Kamuuze chabe."

Ndinayang'ana nshawa za mkazi wake. Mapepala ena okulungira anali amitundumitundu, osalala ngati a buku lathu. Sindikudziwa ngati anali omwewo. Sindinafunse. Ndinaima pang'ono, kenaka ndinabwerera.

Nditafika kunyumba ndinatenga pensulo yanga ya kusukulu n'kujambula mkati mwa chikuto chakumbuyo. Ndinajambula mwala uli pambali ndi munthu ataimirira, manja m'mwamba. Ndinafufuta ndi malovu kangapo mpaka pepala linada. Lameki anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Aba ni ba Zulu ba malasha," anatero, kunena bambo amene ankatigulitsa makala.

Amayi anaseka, kuseka kwawo koyamba sabata imeneyo. Lameki sanaseke.

"Wadrowinga ndiwe. Si wa mu buku."

Anatembenukira kukhoma. Sanafunsenso za bukulo.

Anamwalira Pasaka itangodutsa. Anthu amandifunsa ngati ndinalira, ndipo ndimayankha kuti sindikukumbuka. Chimene ndikukumbuka n'chakuti anandituma kukatunga madzi a pamaliro, ndipo pampopi panali mzere wautali. Buku lija amayi analiika pansi pa sutikesi. Sitinalitchulenso.

Tsopano ndine ambuya. Ndimakhala ku Chawama ndi mdzukulu wanga Taonga, wa zaka zinayi, amayi ake akakhala kuntchito. Khirisimasi kapena Pasaka ikayandikira, ndine ndimasankha mabuku ake, ndipo ntchito imeneyi sindipatsa munthu wina. Buku lililonse ndimayambira kumbuyo. Ndimayang'ana tsamba lomaliza, ndimapapasa pakati ndi chala, kenaka ndi pamene ndimaona chikuto. Mapepala opaka utoto amene Taonga amabwera nawo kuchokera ku Sande sukulu ndimawayala patebulo kuti ndione ngati nkhani yafika kumapeto. Ngakhale tizithunzi toyenda ta pafoni ya amayi ake, ndimayamba ndaonera ndekha mpaka tithe. Wogulitsa akatchula Mulungu asanandipatse buku m'manja, ndimasuntha.

Chaka chatha m'sitolo ina m'tauni ndinapeza buku la Pasaka lokutidwa ndi pulasitiki.

"Ambuya, sitisegula pulasitiki," anatero mtsikana wogulitsa. "Ni yanyowani, yonse ilimo."

"Unaiona?"

"Awe, koma..."

"Sunga."

Mwana wanga amati ndimamuchititsa manyazi m'masitolo. Mwina n'zoona. Sindikwiya ndi ogulitsa, ngakhale bambo wa ku Kanyama uja sindimukwiyiranso. Kungoti ndinaphunzira kuti mwana wamng'ono sagwira zimene wauzidwa, amagwira zimene waona ndi maso ake. Ukamuonetsa manda otseka, uyenera kukhala utaona kale tsamba lotsatira, chifukwa sudziwa ngati adzakhala ndi nthawi yodikira.

Taonga watengera dzanja langa. Akatenga buku lake la Pasaka amalitembenuza n'kuyambira kumbuyo, monga amandionera. Kwa iye nkhani imayamba ndi manda otseguka ndi munthu ataimirira panja. Amayi ake amafuna kumukonza. Ine ndinawauza kuti amusiye.