Bulangete la ku Joni

Selestina anali mwana wachisamba wa a Goliati Maliro a ku Tsangano. A Goliati anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni, nabwerako ndi chifuwa chosatha komanso bulangete lofiira lolemera. Bulangetelo analitsekera m'bokosi lachitsulo, kusungira ukwati wa mwana wawo wamkulu. Pakhomo pawo wamng'ono sankalumpha mkulu pokwatiwa.

Sukulu yaulere itabwera, Selestina anayamba kalasi yoyamba ali msinkhu wosenza kale dengu la kachewere. Ankakhala pansi pakati pa tiana, miyendo ikusowa poipinda. Mng'ono wake Lufina anayamba naye limodzi koma analekezera panjira. Lufina atakula, Cyprian, wogula kachewere m'malire, anatumiza ankhoswe kudzamufunsira.

"Adikire mkulu wake," anatero a Goliati.

Chaka chomwecho Selestina anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko. Azakhali ake anabwera ndi nzeru yawo: ku Mlangeni kuli mkulu wa mpingo wofedwa, Selestina asiye sukulu akwatiwe, njira itseguke.

"Achemwali, mabuku anuwo adzakuberekerani mwana?" anatero Lufina ali kudimba. "Ine ndikalambire pano chifukwa cha inu? Cyprian si mtengo woti azingoima."

"Ndamva, Lufina."

Lamlungu lotsatira, atabwerako kutchalitchi, Selestina anakokera bokosi lija pakhonde nagwada.

"Bambo, ndapatuka ndekha, Lufina adutse. Bulangeteli mumupatse iyeyo. Ine mundisiyire bokosili, ndinyamuliremo mabuku."

A Goliati anatsokomola nthawi yaitali.

"Bokosi safunda, mwanawe," anatero. Koma anamasula kiyi pachingwe cha m'khosi mwawo.

Lufina anakwatiwa anthu asanathe kukumba kachewere, ndipo ana anatsatana ngati mizere ya m'munda. Selestina anapita ndi bokosi lake. Anadzakhala namwino ku Bwanje, nakwatiwa ndi mphunzitsi imvi zitayamba kusuzumira. A Goliati anali atagona kale kumanda.

Mwana woyamba wa Selestina anabadwa mwezi umodzi ndi mdzukulu wa Lufina. Selestina ali m'chikuta, Lufina anatulukira ndi mtolo pamutu. Anaumasula, natulutsa bulangete lija, litazilala, m'mphepete muli zigamba.

"Lanu lija, achemwali. Ndinangobwereka," anatero, akumufunditsa mwanayo.