Madzi a ku Msasa wa Nthomba

Ndikukumbukira chaka chimene nthomba inabwereranso kwathu ku Thuchila. Ine inali itandigwira kale ndili wamng'ono, n'kundisiyira nkhope yokumbikakumbika ngati chisa cha mavu. N'chifukwa chake ndinali mwana wamanyazi. Kusukulu ya m'mudzi ndinkakhala kumbuyo, ndipo aphunzitsi akayamikira zolemba za pasileti yanga, ndinkangoyang'ana zala zakumapazi.

Tsiku lina amtengatenga ochokera ku Muloza anasiya mnzawo m'mbali mwa msewu, thupi lonse lili matuza. Odwalawo dzina lawo anali a Nakhumwa. Anthu anawamangira msasa kutsidya kwa mtsinje, iwo n'kukwawiramo okha. Chakudya ankawasiyira pamwala, chapatali, koma tinkaona akhwangwala ndiwo akudya. Munthuyo analibe mphamvu zofikira pamwalapo.

Aliyense ankadziwa kuti nthomba sigwira munthu kawiri. Koma akuluakulu amene anaipulumuka anali ku thangata, kuminda ya azungu. Wazipsera wotsala m'mudzi ndinali ine.

Amayi anati, “Sindikukutuma, mwanangu. Koma kutsidyako kuli munthu.”

Aphunzitsi anati, “Ukawoloka, kuno usapondeko mpaka nthendayo ithe. Ndipo abusa akubwera kudzasankha opita kusukulu ya kumishoni. Wamva?”

Chibadwire ndinali ndisanakanepo mawu a munthu wamkulu. Ndinagwada, n'kunena kuti, “Ndamva, aphunzitsi. Koma ndipita.”

Poti ndinali mnyamata, kusenza mtsuko sindinkakudziwa. Madzi ankatsikira m'khosi mpaka kumsana, anzanga ali pagombe kukuwa, “Achemwali, mutitungireko ifenso!” Sindinacheuke. Fungo la mumsasamo linandibweza pakhomo, ntchentche zili ng'waa. Ndinapuma, n'kulowa. Milomo yawo inali itang'ambika, moti madzi ndinkawadonthezera ndi tsamba. Ndinawayalira masamba anthete a nthochi kuti zilonda zisamatirire kumphasa. Kumudzi sindinabwererenso. Amayi ankasiya phala la mapira pamwala paja, la anthu awiri, n'kuima patali mpaka atandiona ndikulitenga.

Panali masiku amene a Nakhumwa ankangobwebweta m'Chilomwe, ine n'kumaganiza kuti sadzukanso. Ndinkachita mantha, koma ndinkatungabe madzi. Kenako matuza anayamba kuuma. M'mawa wina anandiyang'anitsitsa ndi diso limodzi limene linawatsalira.

“Iwe mphwanga, ndikachira ndidzaoneka ngati iweyo?”

“Mwina kuposa pamenepa, bambo.”

“Aa! Ndiye tenga phala lakolo, kuli bwino ndingofa.”

Anaseka mpaka kutsokomola, phalalo n'kulimaliza lonse. Atalimba miyendo tinatentha msasa ndi nsanza zathu, tinasamba mumtsinje, iwo n'kudula ndodo kulowera kwawo. Sindinawaonenso. Abusa anali atabwera kale n'kupita ndi anzanga awiri. Zinandipweteka, sindibisa, koma kusukulu ndinabwerera n'kumaliza zimene aphunzitsi akanatha kundiphunzitsa.

Masiku ano zinthu zasintha. Akatemera amabwera kuchokera ku Boma kudzatemera ana pamkono, ndipo odwala ena amawanyamula pamachila kupita nawo kuchipatala. Zimenezi n'zabwino, ndimathokoza. Chokhacho, ndayamba kumva anthu akuti, “Amenewo awaone a Boma,” wodwalayo ali kuseri kwa nyumba yawo. Ine sindine wodziwa kulankhula pagulu, ndipo sinditsutsana nawo. Ndimangofunsa kuti wagona nyumba iti.