Zala Ziwiri za a Jere

Ndikamva fungo la guluu ndimakumbukira Juni wina ku Mzimba, mphepo ikuluma makutu, ine nditagwada pakhonde, timatabwa tili mbwee pamphasa. Mayi anga anali namwino wosamutsidwa kuchokera ku Dedza, ndipo dokotala wina wakunja pobwerera kwawo anandisiyira bokosi la zidutswa zopangira kandege kamakedzana, ka mapiko osanjikiza. Matabwa ake, ati balsa, anali opepuka ngati masamba ouma. Tsiku loyamba lomwelo ndinathyola timizati titatu ta phiko, n'kuyamba kubuma.

A Jere, oyandikana nafe nyumba, anali kalipentala. Makina ochekera matabwa kunkhalango ya Luwawa anawadula zala zitatu zakumanja, ndiye chichokereni kuchipatala sanagwirenso chida. Anthu ankapita ndi mipando yawo kwina, iwo n'kumangoothera dzuwa, akazi awo akugulitsa tomato kuti pakhomo padyedwe. Atamva kulira kwanga analowa kumpanda kwathu, n'kutola kathabwa, kukanunkhiza, kukaluma pang'ono. "Mwana wane, uwu ndi mtengo kapena buledi?"

Poyamba anakana kundithandiza, ati dzanja lawo linafa kalekale. Koma ine ndinali mtsikana wamakani, ndinangoti kakaka pakhomo pawo mpaka anandituma kumunda kukatola mapesi a chimanga. Anawasenda ndi lezala, n'kusema mkati mofewamo mpaka kufanana ndendende ndi timizati tothyoka tija. Abale inu, zala ziwiri zokha! Lezala linkapulumuka, iwo n'kutukwana chapansipansi m'Chitumbuka, n'kulitolanso, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja. Malangizo a Chingerezi a m'bokosi muja ndinkawerenga ndine, iwo osamvera n'komwe, maso ali pachithunzi. Kwa masabata atatu, ndikangomaliza kutsuka mbale ndinkathamangira komweko, ndipo ndikayamba kunyinyirika pomva anzanga akusewera fulaye, mayi ankandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kandege katatha, tinakakaulutsira pabwalo la mpira. A Jere anapota pulopela ya kumphuno kwake mpaka mphira woizunguza kukungika, n'kukataya. Kanauluka ndithu, kupitirira golo, n'kukatera muudzu, ana onse akukuwa. Iwo sanaseke. Anangoti, "Mbwenu," basi wa Chitumbuka, n'kumapita kwawo.

Lolemba lotsatira m'mawa, mayi atangogona pochokera kuntchito ya usiku, kuseri kwa mpanda kunamveka hamala, go! go! Mayi anga, amene ankakalipira ngakhale nkhuku ikatetera pafupi ndi windo, anadzuka n'kumvetsera kanthawi. Kenako ananyamula mpando wathu wothyoka mwendo n'kupita nawo kwa a Jere. Ndakula, ndaona amisiri ambiri a zala khumi, koma palibe amene ndimamusirira ngati bambo aja. Masiku amenewo ndinkangodziwa kuti akukonza kandege kanga. Sizinandifike m'mutu kuti munthu wamkulu ankafunsa dzanja lake ngati lingadyetsenso banja.