Mtedza Wanga Wadutsa M'paipi ya ku Banki

Moni nonse, imvani za lero.

Ndaperekeza madamu amene ndimawagwirira ntchito ku banki ina kuno kwa Aluya, ku Al Twar, ija yosatsika m'galimoto. Umaima pafupi ndi chipaipi, n'kuika mapepala m'kabotolo kapulasitiki, n'kudina batani. Mpweya umakoka kabotoloko, fyuu, mpaka kukafika kwa kalaliki m'katimo. Mtima wanga unali m'mwamba chifukwa ndinaikamonso chiphaso changa. Ndimati chapita basi.

Posakhalitsa kabwerera. Chiphaso chilimo, ndipo pamwamba pake pali maswiti awiri!

Tsono mukudziwa mmene Amayi anatilerera: mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu. Ndatenga mtedza wokazinga uja munanditumizira, Achemwali, ndakulunga m'kapepala, ndaika, ndadina.

Madamu agwira mutu: "Khalas, basi zatha! Wawononga makina a eni ake!" Ine thukuta kamukamu, ndikuona ntchito ikutha.

Kenako pa sipika tangomva kalaliki uja akufa ndi phwete, mtedza uli kukamwa: "Shukran!" Ndiye zikomo wa kuno ameneyo.

Madamu aseka mpaka kunyumba, koma akuti ndisadzayerekezenso.

Nanga inu Amayi, mukanabweza kabotoloko kopanda kanthu?