Mapiritsi Amene Anagwa Pansi

Mukakumana ndi mayi Petronela Makwinja pamsika wa Chirimba akusankha tomato, simungawaganizire kanthu. Ndi mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, wowenga zikhadabo mpaka kumnofu. Koma amene akuidziwa mbiri yawo amawapatsa moni ndi manja awiri.

Mayiwa anagwira ntchito zaka makumi atatu pa fakitale ina yopanga mankhwala mumzinda wa Blantyre. Ntchitoyo anawapezera ndi malume awo ogwira ntchito komweko, a Venansio, amene anawalera bambo awo atamwalira ku Phalombe, n'kudzawaimiranso unkhoswe. Tsiku loyamba Petronela anangoti kukamwa yasa, kuonerera makina akulavula mapiritsi ngati matalala padenga lamalata. Kuchipatala chakwawo munthu ankaima pamzere mpaka dzuwa kupendeka kuti alandire asanu ndi limodzi. Kuno ankadzaza migolo.

Masiku amenewo ntchito inkayenda mwachinyumba. Munthu ankalowa ndi malaya omwe wakwera nawo minibasi. Piritsi likagwa pansi unkalitola, kuliuzira, n'kulibwezera mumgolo. Akadataya ndani? Onsewo anali anthu okulira m'njala, ozolowera kutola njere iliyonse ya chimanga yotsalira pamphasa, ndiye mankhwala akadawaponya kudzala?

Kenako malamulo anayamba kufika, lero ili, chaka chamawa lina. Oyendera ochokera kuboma ankasuzumira ndi pansi pa matebulo pomwe. Tsitsi libisidwe, ndolo ndi mphete zitsale pakhomo, zodzoladzola ayi. Wina akagwira ntchito, wina aone ndi maso ake n'kusaina fomu. Ndipo piritsi lokhudza pansi lipite mundowa yofiira, likaotchedwe. Anthu anang'ung'udza, a Venansio kuposa onse. Ankati amenewa ndi malamulo a anthu okhuta.

Petronela nayenso ankaseka nawo, mpaka tsiku limene mayi Esther a ku labu yoyezera mankhwala anawasonkhanitsa. Anawauza kuti kalekale ku Amereka anthu oposa zana, ambiri mwa iwo ana, anafa atamwa mankhwala amadzi otsekemera omwe sanayezedwe. "Malamulowa sanawalembe anthu osowa chochita," anatero mayi Esther. "Ambiri analembedwa anthu akuchokera kumanda." Petronela anayang'ana manja ake, ndipo anachita mantha enieni. Chinthu chodutsa m'manja mwakemo chinkakathera pakamwa pa munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa, womeza ndi mtima wonse, osafunsa kuti wapanga ndani.

Zaka zinapita, ndipo anamukweza kukhala woona ndi kusaina. Lachinayi lina, nthawi ya nkhomaliro itayandikira, a Venansio anapunthwa ndi chotengera, mapiritsi oziziritsa thupi n'kumwazika. Asanaganize n'komwe, manja awo anachita zimene anazolowera. Anawola onse, ndi apansi pa mwendo wa makina omwe, n'kukhuthulira mumgolo waukulu. M'chipindamo munalibe wina koma Petronela.

"Ankolo, mwabwezera?"

"Ndi ochepa awa, iwe. Pansipa akolopa m'mawa uno. Saina tizipita kulanchi."

"Sindingasaine, ankolo."

A Venansio anamuyang'ana ngati sakumudziwa. "Petronela, ndinakulowetsa muno ndine. Ukandilemba ripoti, basi, andichotsa. Mankhwala abwinobwino, anthu akusowa m'zipatalamu, tikaotche mgolo wonse chifukwa cha kafumbi?"

Petronela anayang'ana fomu ili m'manja mwake. Munthu angalembe bwanji malume ake, womulera, amene banja likagwedezeka amathamangira kwa iwo? Kukana kuwatungira madzi akumwa kukadakhala kulakwa kale, nanga kuwadula ntchito? Komanso zimene ankanenazo zinkamveka zanzeru ndithu. Palibe akadadziwa. Anaima pamenepo misozi ikunyowetsa kansalu kophimba pakamwa. Kenako anamata chizindikiro chofiira pamgolowo, nalemba zonse monga zinachitikira, ndi dzina la malume ake lomwe.

A Venansio anaimitsidwa ntchito tsiku lomwelo. Nkhani sinachedwe kufika ku Phalombe, ndipo mayi ake a Petronela anatumiza mawu akuti mwana wawo tauni yamuzunguza mutu. Kutchalitchi akazi a malumewo ankamudutsa ngati chitsa. Iye ankapita kuntchito, kubwerera, kuphika, koma chakudya sichinkatsika.

Lamulo linkati mgolo wotere usanaotchedwe afufuze kaye. A ku labu anathira mapiritsiwo patebulo n'kuyamba kuwaunika limodzilimodzi, zikwi ndi zikwi, masiku anayi athunthu. Kuleza mtima kwa anthu amenewo n'kodabwitsa. Tsiku lachinayilo mayi Esther anaitana Petronela n'kumuonetsa mapiritsi atatu m'kambale. Anali oyera ngati anzawo, kukula kwake chimodzimodzi, kusiyana kachilembo kokha. Anali a matenda a shuga, opangidwa sabata yapitayo, amene anabisala pansi pa mwendo wa makina pomwe chokolopera sichinkafika.

"Oziziritsa thupiwa amayi amabenthula pakati n'kumwetsa mwana," anatero mayi Esther motsitsa. "Mwana wotentha thupi, wosadya, ukam'patsa theka la ili shuga amatsikiratu. Akhoza kugona osadzukanso."

Petronela anakhala pampando, maso ali pakambaleko.

Okolopa anawasinthira kagwiridwe ka ntchito, koma a Venansio sanawabwezere pantchito, pakuti lamulo analidziwa n'kuliphwanya. Lamlungu lotsatira masana anatulukira kunyumba kwa Petronela, atavala jekete lawo lakutchalitchi. Iye anathamanga kukatenga mpando, nagwada kuti awalonjere, mtima uli m'mwamba. Ankayembekeza kuti abwera kudzatula unkhoswe.

Mkuluyo anavula chipewa, nafunsa za mapiritsi a shuga aja.

"Akuti atatu?"

"Atatu, ankolo."

"Ana a eni ake," anatero a Venansio. "Ine ndikadakhala ndili phee kunyumba, kumamwa tiyi, maliro akulirika ku Nsanje, osadziwa kuti wapha ndine. Ntchitoyo ipite, mwana wa mlongo wanga. Ndabwera kudzathokoza kuti sunandimvere."