Mlandu umene Felesiya sanapalamule

Lachiwiri lapitali ndinakweza panjinga Felesiya, mwana wa mlongo wanga, ulendo wa kuchipatala ku Lisungwi. Kumsana anali atabereka khanda lake la miyezi iwiri, lotupa thupi, lopuma mwabefu ngati lakwera phiri.

Adokotala anamvetsera pachifuwa nthawi yaitali. Kenaka anatenga pepala n'kujambula mtima.

"Mtima uli ndi kakhungu kake kokuta kunja," anatero. "Kamayalika m'masabata oyambirira a mimba, potsata malangizo achibadwa amene mwana amatenga kwa bambo ndi mayi ake. M'kakhunguko ndi mmene mumachokera timitsempha todyetsa mtima. Langizo limodzi likaphonyeka, mtima umakula wofooka. Ndikukayikira zoterozo, koma makina otsimikizira tilibe kuno."

"Ndiye ndinalakwitsa pati, adokotala?" anafunsa Felesiya.

"Palibe, mayi. Nthawi imeneyo n'kuti musanadziwe n'komwe kuti muli ndi pakati."

Ine, nkhoswe ya banjali, ndinapinda pepalalo monyadira. Ndinkati ndanyamula chigamulo. Uchitsiru wa ife aphunzitsi ndi umenewo, timayesa chojambulidwa papepala chimathetsa nkhani.

Kumudzi tinapeza apongozi a Felesiya ataweruza kale. Akuti mwana wotupa ndi tsempho, mmodzi mwa makolo anayenda njira yachibwenzi, ndipo mankhwala sagwira mpaka wolakwayo aulule. Mwamuna anali atalumbira kale kuti si iye. Anatsala ndani?

Ndinatambasula pepala langa. Apongoziwo sanaliyang'ane n'komwe.

"Ino ndi nthawi ya matipate, aphunzitsi. Inu maganizo anu ndi amenewo, ife athu ndi awa, basi."

Abale anga, kodi ufulu tinauimira pamzere wovota uja ndi umenewu? Kodi mtima wa mwana m'mimba umakula pomvera mbali imene yachuluka? M'mapiri muno mwana akabadwa wodwala, sitifunsa kuti chalakwika n'chiyani. Timafunsa kuti walakwa ndani, ndipo chala chimakathera pa amene akuyamwitsa. Zimandiwawa, ndipo sindikuona kuti zidzatha ine ndili moyo.

Lachinayi Felesiya anagwada pamaso pa akuluakulu n'kuulula chibwenzi chimene sanakhalepo nacho. Nditamukokera pambali anandiyankha osalira.

"Amalume, ngati bodza lingamuchiritse mwanangu, ndilekerenji?"

Mwana anamwetsedwa mankhwala aja. Loweruka tinakamuika m'manda. Lamulungu mwamuna anamanga katundu wake panjinga, akuti sangakhale ndi mkazi amene anavomera yekha pagulu.

Pepala lija likadali m'thumba la malaya anga. Tsopano mudzi wonse unamva Felesiya akuvomera ndi pakamwa pake, ine ndikalionetse kwa yani?